Utomoni pa Tsaya la Amayi Maria

Inu ana anga amene mukukonzekera Ulimbitso, inu amayi a m'mphakati amene mwakhala kumbuyoko, ndi inu abambo ochepa amene mwatsalira Misa itatha, Yesu Khristu atamandike pakati pathu. Bambo Mfumu andipempha kuti ndiyankhule chifukwa cha mbiri imene yafika sabata ino, yoti cha ku Jenda kwaoneka nkhope pa khoma la nyumba, ndipo ena mwa inu mwayamba kale kufunsa za galimoto yopita kumeneko. Sindinaimirire pano kuti ndikuletseni ulendo. Ndaimirira kuti musanakwere, mumve za chizindikiro chimene ndinasema ine ndi manja awa, ndi za mwana wanga amene ali m'manda chifukwa cha icho.

Ambiri a inu mumangondidziwa kuti a Kalipentala. Kwathu ndi ku Dedza, kumene ndinaphunzira umisiri wa matabwa pa mishoni. Kuno ku Mzimba ndinabwera ndili mnyamata, kutsatira ntchito ya macheka ku Chikangawa, ndipo ndinakwatira NyaShaba, mayi wa kuno. Tinamanga kwawo, kum'mwera kwa boma, pa msewu wopita ku Embangweni. Mulungu anatipatsa mwana mmodzi yekha amene anakula, Tereza. Akatolika kumeneko tinali owerengeka pakati pa abale athu a mpingo wina, ndipo katchalitchi kathu ka malata kanali nthambi chabe ya parishi ino. Wansembe ankatifikira mwa apo ndi apo.

Zinali m'zaka zoyambirira za matipate. Mphepo ya m'mwezi wa Ogasiti inasasula denga la katchalitchiko, ndipo chifanizo chathu chakale cha Amayi Maria chinagwa n'kuphwanyika. Amayi a mpingo anabwera kunyumba kwanga kudzandipempha kuti ndiseme china Okutobala asanafike, pakuti mwezi wa Kolona wopanda chifanizo unkawachititsa manyazi. Mbawa youma ndinalibe, mlombwa ndinalibe. Chimene ndinapeza ndi chipika cha paini chimene woyendetsa lole wina wochokera ku Luwawa ananditsitsira pa msewu, chachiwisi, chikununkhabe nkhalango. Bulazala wokalamba amene anatiphunzitsa ku mishoni ankatiletsa ndithu kugwira mtengo usanaume, makamaka paini, ndipo ankati mfundo ya paini uyenera kuiwotcha kapena kuigoba, apo ayi idzakulavulira utomoni ngakhale uipake penti kangati. Ndinkadziwa zimenezo monga ndidziwira dzina langa. Koma masiku anali atatha. Ndinasema, ndinasalaza, ndinapaka penti. Kamfundo kamodzi kanagwera m'munsi mwa diso lamanzere, ndipo ndinangokaphimba.

Dzuwa la Okutobala mumalidziwa mmene limaswera malata. Tsiku lina masana tikupemphera Kolona, NyaJere, mayi wamphamvu amene ankatsogolera nyimbo, anadula pemphero pakati n'kukuwa m'chinenero cha kuno: "Ŵamama ŵakulira!" Tonse tinatukula maso. Pa tsaya la chifanizo panali dontho, lowala, likutsika pang'onopang'ono kuchokera pa diso.

Ine ndinali woyamba kufika patsogolo. Ndinakhudza dontholo ndi chala, chalacho n'kumata. Ndinachipititsa ku mphuno. Ana anga, linali fungo la Chikangawa, fungo limene ndinagona nalo m'zovala zaka zambirimbiri. Ndinatembenuka kuti ndinene, pakamwa nditatsegula kale. Koma gogo wina wosaona bwino anali atagwada pa mapazi anga, atagwira manja anga onse awiri, akuti, "Manja odala, manja odala awa." Ine mlendo wa ku Dedza, amene zaka zonsezo ndinali wongokonza mabenchi, anthu anali kundiyang'ana ngati mngelo wandigwira paphewa. Ndinatseka pakamwa.

Bodza la mtundu umenewu silikhala bodza nthawi yaitali mumtima mwa mwini wake. Sabata isanathe ndinali nditayamba kudzifunsa kuti, kodi amene anaika mfundoyo pa diso penipeni ndani? Kodi si Mulungu amene amameretsa mitengo? Kotero ndinadzinyenga ndekha, ndipo nditadzinyenga ndinapeza mphamvu yonyenga ena popanda kuphethira. Anthu anayamba kubwera pa njinga ndi pa ngolo, ena kuchokera kutali, ngakhale aja ankatiseka kuti timapembedza mitengo. Ine ndinakhala mlonda wa misozi. Ndinkaipukuta ndi thonje n'kumagawira odwala, iwo n'kumandisiyira nkhuku ndi mawu okoma, ndipo mawu okomawo ndiwo ndinkawakonda koposa nkhuku.

Bambo Mfumu wa nthawi imeneyo anamva, nabwera pa njinga yamoto. Anagwada, anapemphera, kenaka anakhudza tsayalo n'kununkhiza chala chake monga ndinachitira ine. Ananditengera kuseri kwa tchalitchi.

"A Kalipentala," anatero motsitsa mawu, "fungo ili inu ndi ine tikulidziwa. Muwauza ndinu, kapena ndiwauze ndine?"

Ndinati, "Bambo, ndipatseni nthawi, anthuwa angakhumudwe."

"Ndibweranso mwezi ukatha. Ndidzapeze mwawauza."

Fumbi la njinga yake lisanatsike, ndinali nditauza anthu kuti ansembe a masiku ano sukulu inawachulukira, chikhulupiriro n'kuwachepera.

Pa nthawiyo Tereza anali pakhomo pathu, ali woyembekezera mwana wake woyamba. Mwamuna wake anali ku Joni monga achitira anyamata ambiri a kuno, ndiye anabwera kuti adzachirire kwa mayi ake. Miyendo inayamba kumutupa, kenaka manja, kenaka nkhope, mpaka mphete anaivula ndi sopo. Mutu sunkamusiya. Ku sikelo anamwino anamuuza kuti magazi ake akuthamanga kwambiri, apite akakhale ku chidikiro pa chipatala cha mishoni, kumene amayi amadikirira tsiku lawo pafupi ndi madokotala. NyaShaba anamanga katundu tsiku lomwelo.

Ine ndinati, "Anthu akuchoka kutali kudzachira pano, ndiye mwana wa nyumba ino achoke pano kukafuna machiritso kwina? Anthu ationa bwanji? Amalize kaye novena."

"Awiske Tereza," anatero NyaShaba, pakuti ankanditchula choncho, bambo wa Tereza, "ndapota nanu, novena tikamalizira konko. Kolona ndi yopepuka, ndiinyamula ine."

Ndinamukalipira pamaso pa mwana. Tereza, mwana woleredwa ndi ulemu, anamasula katundu uja yekha kuti makolo ake asakangane.

M'mawa wina anandipeza ndikunola tchizulo. Anagwada pambali panga, nati, "Adada, ndikuona tinyenyezi."

"Tinyenyezi totani, mwanangu?"

"Tikuthwanima m'maso, ngakhale nditsinzine."

Pano ndimvereni bwino, inu atsikana ndi inu amene mudzakwatira. Mayi woyembekezera akatupa, mutu n'kumamuwawa, n'kuyamba kuona zothwanima, ndiye kuti imfa yaima pakhomo. Anamwino anali atamuuza zimenezo, ndipo iye anabwera kwa ine ndi mantha, kuti mwina bambo ake amva. Koma ine ndinalumpha ndi chimwemwe. Ndinati ndi chisoti cha nyenyezi cha Amayi Maria, mwana wanga wapatsidwa masomphenya. Ndinamupaka utomoni pa chipumi, ndinamutsogolera ku tchalitchi, ndinamukhazika patsogolo penipeni kuti onse amuone.

Anagwa tili pakati pa Kolona. Thupi lonse linauma, kenaka linayamba kuphupha. Ndipo ife, Mulungu atikhululukire, tinakweza nyimbo, poyesa kuti Mzimu wamutsikira. Anali mayi ake amene anadutsa pakati pa anthu, akukankha aliyense, akukuwa kuti, "Lekani kuimba! Mwana wanga akufa!"

Ngolo inatifikitsa pa msewu, lole ya matabwa inatifikitsa ku chipatala. Kumeneko anachita zonse zimene akanatha. Mwana anamutulutsa wamoyo, wamkazi, ndiye Monika amene mumamuona mu kwaya uja. Tereza sanadzukenso. Namwino wina, mayi wa ku Ntcheu, anatuluka kudzatiuza. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anangofunsa mofatsa kuti, "Bambo, tinyenyezito anayamba liti kutiona?" Funso limenelo ndimadzuka nalo mpaka lero.

Za kutsetsereka kwanga sindichulutsa mawu, pakuti njira yake ndi imodzi kwa onse. Maliro atatha sindinalowenso m'tchalitchi, ndiponso sindinauze munthu za utomoni. Mvula itagwa chifanizo chinaleka chokha kulira, anthu n'kumati Amayi atonthola chifukwa analirira Tereza pasadakhale.  Kachasu ndinayamba kumwa kuti ndigone, kenaka kuti ndidzuke, kenaka chifukwa manja sankagwira kanthu ndisanamwe. Puleni yanga yosalazira matabwa ndinasinthanitsa ndi mowa, sowo chimodzimodzi. Ndinathawa maso a NyaShaba n'kubwera kuno ku boma, kuseri kwa msika, kumene ndinkakhomerera mabenchi a m'malo omwera kuti andithirireko. Ndinagonapo m'ngalande, ana asukulu akundilumpha. Munthu amene ankatchedwa wa manja odala ankadzinyowetsera buluku dzuwa likuswa mtengo.

Ndipo taonani kuuma kwa mutu wanga: ngakhale m'ngalandemo ndinkafunabe chizindikiro. Ndinkati, Ambuye, ndilote Tereza akumwetulira, ndidziwe kuti wandikhululukira, pamenepo ndisiya mowa. Ndinkayang'ana m'mitambo, ndinkayang'ana mbalame zikatera pafupi. Kumwamba kunali zii.

Kumudzi NyaShaba anali kulera Monika, pakuti akuchimuna anavomera kuti mwanayo akulire m'manja mwake. Novembala aliyense, wansembe akabwera kudzadalitsa manda, iye ankaima pa manda a Tereza opanda mtanda. Alongo ake anafuna kugula mtanda wachitsulo, iye anakana. Ankati, "Bambo wake ndi kalipentala. Ndidikira." Mawuwo ankandifika kuseri kwa msika, ine n'kuitanitsa botolo lina.

Zaka zinapita choncho, mpaka Lamulungu lina la Kanjedza. M'mawa umenewo ndinali nditakhala pa benchi, nditamwako kale, pamene chithunzithunzi cha munthu chinandiphimba. Ndinatukula maso. Anali NyaShaba, ataonda, nsalu yoberekera ili m'manja, yopanda mwana. Amuna anzanga a pamowa anayamba nthabwala zawo: "A Kalipentala, boma lafika! Bisani botolo!" Iye sanawayang'ane n'komwe.

"Imirirani," anatero. "Monika ali m'chipatala muno. Malungo amumwa magazi, manja ake ayera ngati pepala. Magazi osungira awathera. Anga awakana, akuti ndine wochepekedwa magazi kale. Akufuna wachibale. Mbwenu wachibale wake ndinu."

Ndinamutsatira ndikudzandira. Ndinamuona mwanayo kwa nthawi yoyamba chichokereni kumudzi. Anali gone, milomo itayera, akupuma mofulumira ngati kambalame. Chipumi chake chinali cha Tereza, pamalo pomwe paja ndinapaka utomoni. Ndinapinda malaya n'kutambasula mkono. Mnyamata woyeza magazi anandiyang'ana m'maso, anamva fungo langa, anandiikabe pa sikelo mwaulemu, kenaka anapukusa mutu.

"Pepani agogo. Mmene mulilimu, anu sitingatenge. Akhoza kukupwetekani inu, osamuthandizanso mwanayo. Mulibe ena?"

Ana anga, ndakhala ndi masiku oipa, koma pansi penipeni panali pamenepo. Mwana wanga ndinamupha ndi chikhulupiriro chabodza, ndipo mdzukulu wanga ndinali kumupha ndi kulira kwanga komwe. Chinthu chimodzi chokha chimene anandipempha, chimene munthu aliyense wosauka ali nacho, ine ndinali nditachiwononga. NyaShaba sanalire. Anakhala pansi pa khonde, anatulutsa kolona, nati, "Awiske..." Dzina lija linamukanika. Anangoti, "Pitani. Kafuneni anthu."

Anthu ake ati? Anzanga onse anali ngati ine. Ndinatuluka pa chipata osadziwa kolowera. Ndipo ndili pa msewu ndinamva nyimbo. Unali mdipiti wa Kanjedza, ukuchokera cha ku bwalo kupita ku parishi ino, nthambi zonse zitasonkhana monga mwa mwambo wa tsikulo. Patsogolo panali mtanda, pambuyo pake Bambo Mfumu yemwe uja mu chovala chofiira, ndipo m'khamumo ndinaona nkhope za kwathu, anthu amene ndinawagawira thonje lija.

Miyendo inafuna kuthawira m'chimanga. Koma ndinaganiza za milomo yoyera ija, ndipo ndinakagwada pakati pa msewu, patsogolo pa mtanda. Akuluakulu osunga mwambo anathamanga kuti andichotse, poyesa kuti ndi chidakwa chabe, ndipo sanalakwe. Bambo Mfumu anakweza dzanja. Nyimbo inazima kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

"A Kalipentala," anatero, "ndinati ndidzapeze mwawauza. Ndakhala ndikudikira."

Ndinayankhula ndili chogwada. Ndinati, "Abale anga, misozi ija sinali misozi. Unali utomoni wa paini. Ndinasema mtengo wauwisi, ndinaphimba mfundo ndi penti. Ndinadziwa kuyambira dontho loyamba, pakuti ndinanunkhiza. Ndinakunamizani nonse, ndipo Tereza anafera bodza langalo. Lero mwana wake akufa m'chipatala umo, akufuna magazi, anga awakana chifukwa cha mowa. Sindikupempha kuti mundikhululukire. Ndikupempha magazi."

 Kenaka anthu anapatuka, natulukira NyaJere, yemwe uja anayamba kuona dontho. Mayi ameneyo ankabweretsa mwamuna wake wodwala chifuwa pa chifanizocho sabata ndi sabata, m'malo mopita naye kwa dokotala, ndipo pa tsikuli anali wamasiye. Anaima pamwamba panga, kanjedza ali m'manja, akupuma mwamphamvu.

"Mukamanyanga?" anafunsa. "Munkadziwa, inu?"

"Ndinkadziwa, mayi."

"Ndipo amuna anga aja mumawapatsa thonje mukudziwa?"

"Ndikudziwa."

Ndinayembekezera mbama, ndipo ndikanaithokoza. Anandiyang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsika, yeniyeni. Kenaka anati, "Za inu ndi ine tikakamba pamaso pa Chiuta, ndipo sindikulonjeza kuti ndikakuchitirani chifundo. Kweni mwana walije mlandu. Mwana alibe mlandu. Dzukani pa msewupo, mukutchinga mtanda. Khomo la chipatala ndi liti?"

Anatsogola iye. Pambuyo pake panatuluka anyamata a kwaya, aphunzitsi, wapolisi wina wa ku Zomba amene sankandidziwa n'komwe. Bambo Mfumu anati, "Pitani, Misa idzakupezani," napitiriza ndi otsala. Pamene NyaShaba anatukula maso pa kolona yake, khonde lonse la chipatala linali litadzaza anthu a zovala za Lamulungu, aliyense kanjedza ku dzanja limodzi, dzanja linalo akupinda malaya. Sindinafunse kuti magazi amene anagwirizana ndi a Monika anali a yani, ndipo sanandiuze. Ndimangodziwa kuti dzuwa lisanalowe milomo ija inayamba kubwerera mtundu wake, ndipo m'mawa mwake anapempha phala.

Ndinafuna chizindikiro m'mitambo zaka zonse zija. Chitabwera, chinabwera wapansi, chili ndi fumbi ku mapazi, chitandikwiyira.

Kubwerera sikunachitike tsiku limodzi, ndipo amene muli mu dzenje limene ndinalimo mumve ndondomeko yake. Choyamba ndinakalapa, sabata yomweyo, osabisa kanthu. Chachiwiri ndinauza dokotala za mowa, pakuti munthu amene wamwa mmene ndinamwera ine akasiya mwadzidzidzi thupi limagwedezeka koopsa, ndipo anandigoneka masiku angapo. Kenaka ndinabwerera kumudzi, NyaShaba n'kundiikira malamulo ake: kudya ndisanatuluke m'nyumba, osapita ku boma ndekha, osadutsa njira ya kumene amatcheza kachasu ngakhale ikhale yachidule. Ndinagwa kamodzi m'chaka choyambacho, sindibisa. Amene ananditenga pomwe ndinagwerapo anali katekisiti wathu, m'mawa mwake tinayambanso. Ndinayenda khomo ndi khomo kwa onse amene ndinawapatsa thonje. Ena anandilandira, ena ananditsekera chitseko, ndipo anali ndi ufulu wotero. NyaJere anatenga zaka asanandipatse moni wa mtendere pa Misa.

Katekisiti anandibwereka zida. Ndinapeza mlombwa wa mtanda wa Tereza, ndinaucheka, ndinauimika pa mthunzi kuti uume. Novembala woyamba anafika mtengowo usanaume bwino, ndipo mtima unandikoka kuti ndingopanga, mkazi wanga asaimenso pa manda opanda kanthu. Koma ndinali nditaphunzira. Tinadikira chaka china. Mtanda umenewo ulipo mpaka lero, sunang'ambike, sunadonthe kanthu.

Chifanizo chija ndinafuna kuchiwaza ndi nkhwangwa. Bambo Mfumu anakana. Anati Amayi Maria sananamize munthu, ndipo anandipatsa ntchito yoti Okutobala aliyense, utomoni ukatuluka, ndiziupukuta ndi kansanza ka parafini anthu akuona. Masiku ano watsala pang'ono kuuma, koma ndimapitabe ndi kansanza kanga.

Musaganize kuti ndikukuuzani kuti kumwamba sikuyankhula. Ndimakhulupirira kuti Amayi athu anaonekerapo kwa ana awo m'malo ena, ndipo Mpingo umafufuza zotero modekha, zaka ndi zaka, usanavomereze. Ine ndinathamanga kutsogolo kwa Mpingo chifukwa ndinakonda kugwiridwa manja. Musaganizenso kuti zonse zinakonzeka. NyaShaba anandisamala mpaka tsiku limene anatisiya, koma sananditchulenso awiske Tereza. Ankangoti agogo a Monika. Ndipo Tereza sanabwere m'maloto, ngakhale kamodzi. Ndinaleka kupempha zimenezo. Ndimamuperekera Misa, n'kumadikira.

Tsono ku Jenda mukafuna kupita, pitani, mukapemphere. Koma musanatuluke, yang'anani kaye m'nyumba mwanu ngati muli wodwala amene anauzidwa kupita ku chipatala. Ngati alipo, galimotoyo ikwereni naye iyeyo kupita ku chipatalako, ndipo Kolona muzipemphera m'njira. Ndipo inu anyamata ndi atsikana, mukadziwa kuti chinthu si choona, nenani tsiku lomwelo, anthu asanayambe kukugwadirani.